Poto ya Nsima ndi Kaunta ya Quartz

Mukapita kukaona nyumba ya lendi ku Chalala, Ibex Hill kapena Salama Park, alandilodi amayamba kukuonetsani khichini ndi kaunta yake yonyezimira ya quartz. Ambiri timaganiza kuti ndi mwala monga granite. Iyai. Pafupifupi magawo 90 pa 100 ndi mwala wopera, otsalawo ndi resin, zomatira zokhala ngati pulasitiki. N'cifukwa cake siimwa madzi kapena saladi, koma imaopa moto.

Apa m'pamene pagona vuto. Malaiti apita, mwaphikira pa mbaula, ndiye poto ya nsima mwaiteula n'kuikhazika pa kaunta. Resin ikapsa pamatsala cipsera cozungulira cosacoka, ndipo tsiku lokuka dipoziti yanu yapita. Kathabwa koikapo poto kangapulumutse ndalamazo. Pomwepo muziduliranso anyezi.

Potsuka, sopo wa mbale, madzi ofunda ndi kansalu kofewa, kwamana. Sitiliwulu imapha kuwala kwake, ndipo Jik ikakhalitsa imasintha mtundu wake. Madzi a m'maborehole a mu Lusaka ali ndi laimu maningi, amasiya zoyera pafupi ndi sinki, conco pukutani pakali ponyowa. Amene amakuthandizani nchito pakhomo auzeni zonsezi asanalakwe, osati kukalipa pambuyo.

Comaliza, amisiri asadule quartz youma m'nyumba. Fumbi lake limaononga mapapo, moti ku Australia anailetsa mu 2024. Podula pafunika madzi ndi masiki oyenera.