Kusankha galimoto yokokera ngolo pa maulendo ataliatali ochokera ku Chitungwiza

Ngolo yonyamulira galimoto imalemera kuposa momwe imaonekera. Yamatayala anayi, yachitsulo chokhachokha, imakhala ndi makilogalamu pakati pa 500 ndi 800 isanakwezedwe kanthu. Pakakwera Honda Fit, yomwe imapitirira pang'ono makilogalamu 1,000, mtolo wonse umafika cha m'ma 1,700. Pakakwera Toyota Wish kapena Mercedes-Benz C-Class, umafika matani awiri kapena kuposerapo. Galimoto yakutsogolo iyenera kudzutsa mtolo umenewu, kukwera nawo zitunda, kuugwira kuti usapepeluke, ndiponso kuuimitsa. Ntchito yomalizayi ndi imene ambiri saiganizira posankha galimoto, chonsecho ndi imene imapulumutsa kapena kutayitsa miyoyo.

Ku Chitungwiza ntchito yokoka magalimoto siisowa. Tauniyi ili makilomita pafupifupi 25 kummwera kwa Harare, ndipo inapangidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's. Mumakhala anthu ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo ubale wawo ndi kwawo sunaduke. Magalimoto akale ochokera ku Japan amalowa m'dziko la Zimbabwe kudzera ku Beitbridge atatsika sitima ku Durban, ena kudzera ku Chirundu kuchokera ku Dar es Salaam, ndipo si onse amafika okha. Ina imafera ku Ngundu, ina imachita ngozi ku Mutoko, ina ndi ya malemu imene abale agwirizana kuti ipite kumudzi ku Mwanza kapena ku Ntcheu. Yonseyi imafuna wokaitenga, ndipo makaniko ambiri a ku Makoni ndi ku Chikwanha m'tauniyi amaona kuti kukhala ndi ngolo yawoyawo ndi njira yopezera ndalama.

Chofunika kumvetsa choyamba ndi mmene dziko lilili. Harare ndi Chitungwiza zili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo misewu ingapo yopita kumalire imatsikira kuchigwa kotentha. Wopita ku Beitbridge amalowa msewu wa Masvingo pa Trabablas Interchange, pomwe kale panali pozungulira pa Mbudzi, n'kuyenda makilomita pafupifupi 580 kudzera ku Chivhu, Mvuma ndi Rutenga mpaka kukafika malo osakwana mamita 500. Wopita ku Chirundu amayenda makilomita pafupifupi 350, ndipo akadutsa Makuti msewu umagwera m'chigwa cha Zambezi mokhotakhota. Wopita ku Malawi amadzera ku Nyamapanda n'kutsikira ku Tete, kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, kenaka n'kuyambanso chikweza chopita ku Zóbuè ndi Mwanza. Ngakhale wa ku Mutare amakumana ndi Christmas Pass. Choncho ulendo uliwonse umayesa mabuleki potsika ndi kuyesa injini pokwera, kawirikawiri dzuwa lili paliwombo.

Kusankha galimoto kumayambira pa manambala amene opanga analemba, osati pa dzina lake kapena kulira kwa injini. Ena amapezeka pa kachitsulo komatidwa pamphuthu pa chitseko kapena kunsi kwa boneti, ena m'buku la galimotoyo. Pali kulemera kwa ngolo yopanda mabuleki kumene galimoto ingakoke, komwe sikupitirira makilogalamu 750 ngakhale pa galimoto yamphamvu bwanji. Ngolo yonyamula galimoto ina imadutsa malire amenewa nthawi zonse, motero iyenera kukhala ndi mabuleki akeake. Pali kulemera kwa ngolo yamabuleki. Pali GVM, kutanthauza kulemera konse kumene galimoto yokokayo ingafike itanyamula anthu, mafuta ndi katundu. Ndiye pali GCM, kulemera kwa galimoto ndi ngolo pamodzi, nambala imene ogulitsa sakonda kuitchula.

Chifukwa chake chimaoneka pochita masamu. Mapikapu ambiri amakono a dizilo, monga Toyota Hilux ya injini ya 2.8, Ford Ranger ndi Isuzu D-Max ya 3.0, amalembedwa kuti angakoke mpaka makilogalamu 3,500. Koma GCM ya ambiri mwa iwo ili cha m'ma 6,000. Pochotsa 3,500 pamatsala 2,500, pamene pikapuyo payokha imalemera kuposa 2,000. Otsalawo ndi makilogalamu mazana ochepa chabe oti akwanire dalaivala, omuperekeza, bokosi la zipangizo, zigubu za madzi ndi matumba a katundu wa abale amene sasowa pa ulendo wa ku Malawi. Nambala ya 3,500 ndi ya pikapu yopanda kanthu kumbuyo. Kumbukiraninso kuti mapikapu akale, ndi ena atsopano a injini zing'onozing'ono, ali ndi malire otsika kwambiri ngakhale dzina ndi lomwelo.

Kulemera kwa galimoto yokokayo n'kofunika kuposa mphamvu yake. Aliyense amene anaonapo ngolo yodzaza chimanga ikukankha ng'ombe pamtsetse akudziwa zimene zimachitika chakumbuyo chikalemera kuposa chakutsogolo. Pamsewu, ngolo ikayamba kupepeluka chifukwa cha mphepo ya lole yaikulu yodutsa kapena dzenje, imagwedeza msana wa galimoto uku ndi uku, ndipo galimoto yopepuka imagonja. Mabungwe a okoka makalavani ku Britain amalangiza ongoyamba kumene kuti ngolo yodzaza isapitirire magawo 85 pa 100 a kulemera kwa galimoto yopanda katundu. Ozolowera amatha kupitirirapo, koma pa ulendo wa makilomita mazanamazana nzeru ndi yakuti ngolo isalemere kuposa yoikoka. Galimoto yotalika pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo imakhazikika bwino, makamaka ngati chokokera sichinatalikirane kwambiri ndi matayala akumbuyo. Pa mfundo imeneyi yokha Fit, Wish, Probox ndi anzawo amagwa mayeso.

Pa injini, chofunika ndi mphamvu yopotokola matayala injini isanathamange kwambiri, imene amaiyeza ndi Nm. Injini ya dizilo ya 2.8 ya Hilux imatulutsa 420 mpaka 500 malinga ndi mtundu wake, ndipo imayamba kutero idakali kulira motsika. Ya Fit ya 1.3 imatulutsa cha m'ma 120. Kukwera kwa malo kumalowereraponso. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi gawo limodzi pa 100 pa mamita 100 alionse okwera chifukwa mpweya umachepa, ndiye ku Chitungwiza imakhala itataya kale magawo pafupifupi 15. Ya turbo imadzikankhira yokha mpweya ndipo imataya pang'ono. Mahilux akale a injini za 3L ndi 5L amakondedwa ndi makaniko chifukwa sachedwa kukonzeka, ndipo kukondedwako n'koyenera, koma ndi matani awiri kumbuyo amakwawa pa chikweza, kutentha kukukwera, dalaivala n'kuyamba kuthamanga pamtsetse kuti abweze nthawi.

Giyabokosi yamanja ndi yolimba, koma kalachi yake imapsa pa malo oima-ima, monga pa mizere ya ku Beitbridge kapena pa matolugeti a bungwe la misewu la ZINARA. Yodzisintha yokha yachikale, yoyendera mafuta, imadzutsa katundu mofatsa, malinga ikhale ndi choziziritsira mafuta ake chokwanira. Ya CVT, yomwe ili m'magalimoto ambiri ang'onoang'ono ochokera ku Japan, imayendera lamba wachitsulo amene sanapangidwire ntchito yotere. Pikapu ya 4x4 ili ndi mwayi wa magiya otsika, amene amathandiza kudzutsa ngolo pamchenga kapena kutulutsa galimoto yogwera m'ngalande popanda kuotcha kalachi.

Pogula galimoto yakale, malo oyenera kuyang'anitsitsa ndi oziziritsira injini. Tochi ikaunikira kuseri kwa radiyeta, kuwala kuyenera kudutsa. Ngati timipata tatsekeka ndi njere za udzu, agulugufe ndi matope, mpweya sudutsanso. Pansi pa chivundikiro payenera kuoneka mankhwala oziziritsira obiriwira kapena ofiira, osati madzi a pampope adzimbiri. Ena amachotsa thermostat poganiza kuti athana ndi kutentha, pamene angobisa vuto lina. Galimoto yotere imazungulira mu Zengeza chaka chonse osaonetsa chilema, n'kukawira pa chikweza choyamba kuchokera ku Tete.

Mabuleki a ngolo zambiri za kuno amagwira chifukwa cha kukankha. Galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo imatsamira kutsogolo, mutu wake umalowa mkati ngati pampu, ndipo ndodo kapena zingwe zachitsulo zimakoka mabuleki a matayala. Mutuwo ukauma girisi, kapena zingwe zikadzimbira chifukwa ngolo yakhalitsa padzuwa ndi pamvula, ngoloyo imakhala yopanda mabuleki ngakhale zonse zikuoneka zili m'malo. Kuyesa kwake n'kosavuta: kukweza tayala ndi jeke, kulizungulitsa, n'kukoka buleki yamanja ya ngolo kuti aone ngati laima. Pamakhalanso kachingwe kopyapyala komangirira ku galimoto, komwe kamakoka mabuleki ngolo ikaduka. Potsika ku Marongora, pa msewu wa ku Chirundu, kapena pa Christmas Pass, dalaivala amalowetsa giya yotsika asanayambe mtsetse kuti injini ndiyo igwire katundu. Kuponda buleki mosalekeza kumatenthetsa mafuta ake mpaka kuwira, chopondera n'kulowa pansi popanda chogwira. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi akamakalamba, n'chifukwa chake opanga ambiri amati azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse.

Chokokera choyenera chimamangidwa ndi mabawuti ku chesisi pa malo amene opanga anakonza, chimakhala ndi kachitsulo kolembapo malire ake, ndipo mpira wake ndi wa mamilimita 50. Chowotcherera ku bampala pamphepete pa msewu n'chotchipa, koma palibe amene amadziwa pomwe chidzathyokere. Pokweza galimoto, injini iyang'ane kutsogolo, ndipo mutu wa ngolo utsamire pa mpirawo ndi magawo 7 mpaka 10 pa 100 a kulemera konse, osapitirira malire a chokokera. Mutu ukapepuka ngolo imapepeluka. Ukalemeretsa, matayala akutsogolo a galimoto amayandama ndipo chiwongolero chimachepa mphamvu. Galimoto yonyamulidwayo imamangidwa ndi malamba pa matayala onse anayi. Matayala a ngolo amafa ndi ukalamba mapazi ake asanathe: manambala anayi a m'mbali mwake amasonyeza sabata ndi chaka chomwe anapangidwa. Poima paliponse, dzanja liziyandikizidwa pakati pa tayala lililonse, chifukwa bering'i yoyamba kufa imatentha kuposa zinzake.

Kwa wokoka magalimoto ang'onoang'ono nthawi ndi nthawi, pikapu ya dizilo ya turbo kapena galimoto yachesisi ngati Fortuner, Prado ndi Land Cruiser imakwana, malinga manambala ake agwirizane ndi ngolo. Kwa wofuna kukhala pa ntchitoyi tsiku ndi tsiku, kapena wonyamula makombi ngati Hiace ndi Caravan, lole yaing'ono yathebulo ngati Canter, Dyna kapena Isuzu Elf ndi yabwino kuposa ngolo, pakuti katundu amakhala pamsana pake ndipo palibe chopepeluka. Kwa wa ulendo umodzi, kulipira mwini lole yotere kumatchipa kuposa kuwononga giyabokosi ya galimoto ya pabanja. Posankha galimoto, zitsulo zosinthira ziganiziridwenso: chitsulo chopezeka mosavuta mu Kaguvi Street ku Harare sichingapezeke ku Rutenga kapena ku Changara, ndipo mitundu yofala ndi imene imakonzeka panjira. Pokoka ngolo mafuta nawo amatha msanga, nthawi zambiri kuwonjezeka ndi theka. Liwiro la makilomita 80 pa ola limachepetsa zonsezi, ndipo kuyenda usiku pakati pa Ngundu ndi Beitbridge, kumene ng'ombe ndi abulu amayenda mumsewu, n'kuika moyo pachiswe.

Pomaliza pali malamulo. Mu 2023 Zimbabwe inayamba kupereka ziphaso zoyendetsera zofanana ndi za maiko a SADC, momwe gulu B limalola ngolo yosapitirira makilogalamu 750, ndipo yolemera kuposa apo imafuna gulu BE. Ngolo imalembetsedwa payokha ku Central Vehicle Registry, imakhala ndi nambala yake ndi laisensi yake ya ZINARA, magetsi ogwira ntchito, zonyezimira, chilembo T choyera kutsogolo ndi chofiira kumbuyo, komanso zizindikiro zake za ngodya zitatu zoika pamsewu ikafa.  Inshuwalansi ya COMESA Yellow Card imagwira ntchito ku Malawi ndi ku Zambia, koma ku Mozambique amagula ina pamalire. Galimoto yonyamulidwayo imafunanso mapepala ake: buku lake, chilolezo cha apolisi, ndi kalata ya mwini wake ngati iye sali pa ulendowo. Pa Nyamapanda, pa Zóbuè ndi pa Mwanza, akuluakulu amawerenga magalimoto atatu, yokoka, ngolo ndi yonyamulidwa, ndipo iliyonse imafunsidwa zake.