Kukulitsa injini ya njinga yamoto: zofunika kudziwa musanamasule bawuti

Njinga yamoto ya mlangizi kapena ya mlimi siitha mphamvu tsiku limodzi. Imayamba n'kuvuta kulira m'mawa. Kenaka chitunda chomwe inkakwera m'giya yachitatu chimafuna yachiwiri, oyilo amachepa msanga, ndipo kumbuyo kumaoneka utsi wabuluu. Zikafika pamenepa anthu opereka nzeru sasowa, ndipo nzeru imene yafala masiku ano ndi yakuti, "Ikitsani silinda yaikulu, ikhala ngati yatsopano." Zipangizo zake, zimene amakaniko amazitchula kuti big bore kit, zimabwera m'katoni imodzi: silinda, pisitoni, maring'i ndi magasiketi. Kodi nzeruyi ndi yoyenera njinga zimene zimagwira ntchito m'misewu yathu yafumbi?

Tiyambe ndi masamu ake. Kukula kwa injini, komwe timati 125cc kapena 200cc, kumachokera pa zinthu ziwiri: kutakata kwa bowo la silinda, ndi mtunda umene pisitoni imayenda pokwera ndi potsika. Injini ya mtundu wa Honda CG125, yomwe makampani ambiri a ku China anatengera, ili ndi bowo la mamilimita 56.5 ndipo pisitoni yake imayenda mamilimita 49.5. Zimenezi zimapereka 124cc. Mukaikapo silinda ya bowo la mamilimita 62, injini yomweyo imafika pa 149cc, kutanthauza kuti yakula ndi magawo 20 pa 100 alionse. Pa njinga zazikulu zoyenda pa tala ndi m'tchire momwe, monga Suzuki DR-Z400, bowo la mamilimita 90 limasinthidwa n'kukhala 94, ndipo injini imachoka pa 398cc kufika pa 434cc.

Phindu lake lilipo ndithu. Njinga imakoka bwino ponyamuka ndi pokwera, zomwe munthu wonyamula matumba a mbewu kapena kabokosi ka katemera angazikonde. Okhala kumapiri ali ndi chifukwa china: injini imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mphamvu zake pa mamita 100 alionse amene mwakwera, chifukwa kumtunda mpweya ndi wopepuka. Njinga yomwe imathamanga bwino ku Nsanje imaoneka yaulesi ku Dedza, komwe ndi mamita oposa 1,500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere.

Koma moto ukakula, kutentha nako kumakula. Njinga zambiri za kumudzi zimaziziritsidwa ndi mphepo yokha, ndipo munthu akamayenda pang'onopang'ono mumchenga mwezi wa Okutobala mphepoyo imakhala yochepa. Kilachi, tcheni ndi mabeling'i a pansi zimatsala zakale zomwe zija, zopangidwira injini yaing'ono, koma tsopano zikusenza katundu wa injini yaikulu. Petulo nayenso amapita wochulukirapo, pamene ndalama ya mafuta ya mlangizi ili yomweyo.

Nzeru yokulitsa injini inachokera kwa anthu a mipikisano, ndipo kumeneko ili ndi malo ake. M'chigawo chathu chino muli akatswiri a masewerowa, monga Ross Branch wa ku Botswana, amene mu 2024 anakhala wachiwiri pa mpikisano wa Dakar. Komatu njinga ya mpikisano imagona m'manja mwa amakaniko usiku uliwonse. Ya mlangizi imagona pakhonde, ndipo galaja yodalirika ili pa boma, mwina makilomita 60 kuchokera pomwe iye ali.

Choncho funso loyamba si lakuti silinda ikule bwanji, koma lakuti chatopetsa injini n'chiyani. Kawirikawiri yankho ndi fumbi. Fyuluta ya mpweya ikang'ambika, ikauma, kapena ikapanda kukhala bwino pamalo pake, fumbi limalowa m'silinda n'kusakanikirana ndi oyilo, ndipo limapala khoma la silinda ndi maring'i monga mchenga upalira mphika. Mukaika silinda yatsopano fyuluta ili yomweyo, yatsopanoyo idzatha ngati yakale ija. Nthawi zinanso vuto silikhala silinda n'komwe: mavavu osatseka bwino, kabuleta yakuda, kilachi yotereka, ngakhale mabuleki ogwira, zonsezi zimafooketsa njinga. Makaniko wodziwa ntchito amayamba wayeza mphamvu imene pisitoni ikupanikizira mpweya asanamasule chilichonse.

Silinda ikapezeka kuti yathadi, pali njira yakale yosadula kwambiri. Akatswiri a makina amapala bowolo pang'ono n'kuikamo pisitoni yokulirapo ndi mamilimita 0.25, 0.50, 0.75 kapena 1.00. Injini imabwerera mwakale popanda kusintha china chilichonse. Ndipo ngati chomwe mukufuna ndi mphamvu yokwerera mapiri basi, kuika sprocket yakumbuyo ya mano ochulukirapo kumathandiza pa mtengo wochepa, kungoti liwiro la pa tala limatsikako.

Amene waganiza bwino n'kusankhabe kukulitsa, aonetsetse kuti ntchitoyo yagwiridwa mwaukhondo ndi mosathamanga. Njinga itsukidwe kaye, ndipo isamasulidwire pabwalo pomwe pakuwomba mphepo. Musanalipire, yerekezani zatsopano ndi zakale. Kachitsulo kolumikiza pisitoni pa injini za mtundu wa CG kamakhala ka mamilimita 13 pa zina, 15 pa zina, ndipo tsinde la silinda yaikulu nthawi zina silikwana pakamwa pa injini. Makaniko akayamba kunena zopala pakamwapo ndi tupa injini ili yotseka, m'letseni, pakuti tizidutswa ta chitsulo tidzagwera m'kati n'kukadya mabeling'i.

Silinda yakale ikachoka, tsekani pakamwa pa injini ndi kansalu koyera, chifukwa timawaya togwira kachitsulo ka pisitoni timakonda kudumphira m'menemo, ndipo kamodzi kokha kakagwera ndiye kuti injini yonse itsegulidwe. Timawayati tikhale tatsopano. Ring'i iliyonse iyambe yalowetsedwa yokha m'silinda kuti mpata wa pakati pa nsonga zake uyezedwe. Pa bowo la mamilimita 62 mpatawu umakhala pafupifupi mamilimita 0.25, koma pepala lobwera ndi zipangizo ndilo lotsatira. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Chitsulo chikatentha chimafufuma, ndipo ring'i yopanda mpata imakanirira m'silinda njinga ili pa liwiro. Mipata ya maring'i isayang'ane mbali imodzi. Pisitoni ili ndi chizindikiro pamwamba: mawu akuti IN amaloza ku kabuleta, pomwe kamuvi pa zambiri kamaloza ku ekizozi. Mabawuti a pamutu amangidwe mopingasa, pang'onopang'ono, ndi sipanala yoyeza mphamvu, osati ndi paipi yowonjezera. Pomaliza mipata ya mavavu ichunidwenso.

Ntchito siithera pamenepo. Injini yasintha kapumidwe, choncho kabuleta iyenera kuyesedwanso. Mukayenda pang'ono, masulani pulagi muone: ikakhala yofiirira ngati khofi wamkaka zili bwino, ikakhala yakuda ndi mwaye petulo wachuluka, koma ikayera mbuu ndiye kuti petulo akuchepa ndipo injini ikupsa. Yoyerayi ndiyo yoopsa, chifukwa imatha kuboola pisitoni. Makilomita mazana angapo oyamba muyende mosintha-sintha liwiro, osanyamula katundu wolemera, kenaka musinthe oyilo.

Palinso nkhani ya malamulo, imene wogulitsa zipangizo sakuuzani. Pa malaisensi a m'maiko a SADC monga Malawi, gulu la A1 limalola njinga zosapitirira 125cc, ndipo zoposa pamenepo zimafuna gulu la A. Munthu wa A1 akakweza injini yake kufika pa 149cc, akuyendetsa njinga imene laisensi yake siilola, komanso yosiyana ndi zimene zinalembedwa m'mapepala a njingayo. Pakachitika ngozi, a inshulansi akhoza kupezerapo chifukwa chokanira kulipira. Funsani kaye ku nthambi yoona za pamsewu, yomwe ku Malawi ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services. Ngati njingayo ndi ya boma kapena ya pulojekiti, musaisinthe popanda chilolezo cholembedwa.

Bungwe limene laphunzira kwambiri za njinga za m'midzi ya mu Africa linatenga njira ina. Riders for Health linayambitsidwa ndi Barry ndi Andrea Coleman pamodzi ndi Randy Mamola, katswiri wa mipikisano ya njinga zamoto, ataona kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti njinga ndi galimoto zachipatala zikungofera pabwalo zisanakalambe. Anthuwa ankadziwa bwino kukulitsa injini, koma chimene anaphunzitsa ogwira ntchito zaumoyo, kuyambira ku Lesotho mu 1991, ndi kuyang'ana njinga m'mawa uliwonse: petulo, oyilo, kuchuna tcheni ndi zingwe, kumanga mabawuti, mabuleki ndi matayala. Amakaniko awo amasintha zipangizo pa nthawi yoikika, zisanawonongeke. Ku Malawi bungweli linayamba ntchito mu 2011, ndipo oyendetsa njinga ake amanyamula magazi ndi makhololo okayezedwa kuchokera ku zipatala za m'midzi kupita ku malabotale a pa boma. Imodzi mwa njinga zodziwika pa ntchito zotere ndi Yamaha AG200, yomwe inapangidwira alimi: injini yake ndi ya 196cc yokha, ndipo tcheni chake chimayenda m'kati mwa chotchingira kuti fumbi ndi matope zisachifike.