Kuthira madzi mu penti si kuba

Ntchito imene imandidyetsa muno mu Mzuzu ndi kulemba zikwangwani za mashopu ndi kupopera penti pa mageti ndi magalimoto. Koma kumbuyo kwa shedi yanga kuli shelefu ya tinthu tosabweretsa ndalama yogwirika: tiakasinja, tindege ndi timalole tankhondo ta pulasitiki, tina tosaposa chala kutalika. Timeneti ndimapenta madzulo, ndipo ndi timene tandichititsa kuti lero ndilembe ndili wokwiyako pang'ono.

Mwezi wathawu kunabwera bambo wina wa ku Chibavi atanyamula katoni ya nsapato. Munali akasinja atatu amene m'bale wawo wa ku Joni anatumizira mnyamata wawo. Mnyamatayo anawalumikiza bwino ndi guluu, ndipo ndinaona kuti dzanja ali nalo. Bambowo, pofuna kuthandiza, anatenga gulosi wobiriwira wotsala popenta mafelemu a mawindo n'kupaka akasinja awiri kamodzi n'kamodzi, bulashi itadzaza tho. Timabauti tonse tinamira. Tizitseko ta pamwamba sitinkaonekanso pamene tayambira, matcheni a mawilo anagwirana, ndipo pambali pa mmodzi panali chidindo cha chala cha munthu amene anafuna kudziwa ngati pauma. Bambowo anandipempha kuti wachitatuyo ndipente ineyo. Nditadontheza penti pa kachidutswa ka thailosi n'kuyamba kusakaniza ndi madzi, nkhope yawo inasintha.

"Amisiri, ndalama ndikulipirani yonse. Nanga madziwo ndi a chiyani?"

"Adada, khalani pansi kaye muone," ndinawayankha.

Funso limeneli ndalimva mpaka kutopa nalo. Anthu ambiri amakhulupirira kuti penti yabwino ndi yokhuthala, yophimba ulendo umodzi, ndipo mmisiri wothiramo madzi kapena thina ndi kamberembere amene akufuna kubisa ndowa ina kuti akagulitse. Sindikana, akamberembere otero alipo. Alipo amene amachulutsa madzi mu penti ya PVA mpaka khoma limachita kukupakani choko pamalaya mukalitsamira. Koma mlandu wawo ndi kupyola muyezo ndi kuchepetsa maulendo opaka. Kusungunula pakokha ndi ntchito yathu yeniyeni, ndipo pa zitini zambiri opanga penti amalemba okha muyezo wake. Mfuti yopopera galimoto simungaithire penti yosasungunula, imangolavula madontho.

Pa tinthu ting'onoting'ono nkhaniyi imafika poipa chifukwa cha sikelo, kutanthauza kuchuluka kwa mmene chinthu chachepetsedwera. Pa katoni pakalembedwa 1:35, ndiye kuti galimoto ya mamita 7 yasanduka masentimita 20. Pa 1:72 galimoto yomweyo siifika n'komwe masentimita 10. Mutu wa bauti wa masentimita atatu ndi theka umakhala milimita imodzi pa 1:35, ndipo pa 1:72 umatsala theka la milimita. Tsopano ganizirani kuti mwaunjikapo penti yochindikala theka la milimita. Pa kasinja weniweni zikanafanana ndi kumuphimba ndi penti yochindikala mamilimita 36. Bauti angaonekenso pati? Amene anasema chikombole ku fakitale anavutika kuika timizere ta zitsulo zowotcherera, tizogwirira ndi timabowo totulukira mpweya wa injini, inu n'kufafaniza zonsezo pa mphindi imodzi chifukwa choopa kuoneka ngati mukuumira penti.

Ine ndimagwiritsa ntchito acrylic, penti ya madzi ya m'timabotolo, ndipo ndimaisungunula mpaka iziyenda ngati mkaka. Ulendo woyamba umakhumudwitsa, n'zoona. Pamaoneka mawangamawanga, pulasitiki akusuzumira pansi, ndipo apa m'pamene ambiri amataya mtima n'kuviika bulashi m'botolo. Musatero. Siyani paume, mupakenso, mwina kachitatu. Madzi aja sakhalamo, amauluka. Chotsala ndi kakhungu kopyapyala kotsatira bauti aliyense ndi mzere uliwonse, ndipo kakauma bwino madzi sakachotsanso. Maulendo atatu opyapyala amachepabe kuchindikala poyerekeza ndi ulendo umodzi wounjika, komanso sasiya mikwingwirima ya bulashi.

Gulosi uja ali ndi vuto lina limene anthu a mu Mzuzu tiyenera kulimvetsa kuposa ena. Mzinda uno unakula kuchokera pa esiteti ya mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940, ndipo mafuta a njere za mtengo umenewu ankafunidwa popanga penti ndi vanishi chifukwa amalimba akakumana ndi mpweya. Penti ya mafuta ngati gulosi imagwira ntchito mwanjira yomweyo. Thina akauluka, chotsalacho chimafuna mpweya kuti chilimbe. Mukaunjika, pamwamba pamachita khungu msanga n'kutsekera mpweya kunja, pansi n'kukhalabe pofewa kwa masabata. Kenako khungulo limachita makwinya. Ndiye munthu amabwera kudzadandaula kuti anamugulitsa penti yachinyengo, pomwe penti ija inalibe mlandu. Onjezanipo nyengo yathu. Tili pamtunda wa mamita opitirira 1,200, ndipo mu June ndi July kumacha ndi nkhungu, nthawi zina kamvula kowaza tsiku lonse. Penti imene ku Karonga ingaume pofika madzulo, kuno imakudikiritsani. Vanishi wopopera pa tsiku lachinyezi amathanso kutuwa, ntchito yonse n'kuoneka ngati yathiridwa ufa. Ine ndimadikira dzuwa litakwera, nkhungu itachoka.

Mwina wina akufunsa kuti tiakasinjati n'tachiyani. Si zidole zokankha pansi ayi. Kwa ena ndi zida za masewera a patebulo: anthu awiri amayala mapiri, nyumba ndi mitengo yopanga, aliyense ndi gulu lake lankhondo, n'kumayeza ndi tepi mtunda umene chida chingayende, madayisi n'kumagamula ngati mzinga walasa kapena waphonya. Asilikali a ku Prussia anayamba kuphunzitsira maofesala awo ndi masewera otere mu 1824. Mlembi wa ku England, H. G. Wells, anasindikiza malamulo a masewera a asilikali a zidole m'buku la Little Wars mu 1913, ndipo masiku ano otchuka kwambiri ndi Warhammer 40,000, amene kampani ya Games Workshop inatulutsa mu 1987. Makampani ngati Airfix ya ku Britain ndi Tamiya ya ku Japan amapanga zolumikiza wekha, ndipo zonse zimabwera zosapenta. Kuno zimafika ndi apaulendo kapena mwamwayi pakati pa zidole za pakaunjika, ndiye kuwononga chimodzi kumawawa. Amene amaseka kuti ndi zachibwana ndimangowakumbutsa kuti ambiri a ife tinakula tikupinda mawaya kupanga magalimoto, ndipo mwana amene galimoto yake inkakhota mawilo bwino ndi amene lero amatikonzera injini.

Chinanso chimene gulosi analakwira akasinja aja ndi kunyezimira. Mukadzaona malole a asilikali a ku Moyale Barracks akudutsa pa Katoto, yang'anitsitsani. Penti yake siwala, chifukwa chida chankhondo chonyezimira chimadziulula chokha kwa mdani. Muonenso pamene pakhala fumbi: m'munsi, kuzungulira mawilo, kumbuyo. M'mipata ya zitseko mumakhala mwakuda, m'mphepete mogwiragwira mumayererako. Kasinja wa masentimita 10 sangapange mithunzi yotero payekha, ndiye timachita kumujambulira.

Apa m'pamene madzi aja amaonetsa mphamvu yake yonse. Timapanga wash, imene ndi penti yakuda kapena yofiirira yosungunula kwambiri mpaka kutsala pang'ono kukhala madzi okhaokha. Ukangogunditsa nsonga ya bulashi pa mzere wa chitseko, imathamanga yokha kutsata mzerewo, n'kuzungulira bauti aliyense, n'kukhala m'maenje. Kadontho kakang'ono ka sopo wotsukira mbale kamaithandiza kuyenda. Ikauma timabwera ndi dry brush: bulashi yakale yothothoka, kuiviika mu penti yowalirapo, kuipukuta pa nsanza mpaka izioneka ngati mulibe kanthu, kenako n'kumasesa mopepuka pamwamba. Katsalira kaja kamangogwira m'mphepete ndi pa timitu ta mabauti. Mnyamata wa ku Chibavi uja ataona tizogwirira tikutuluka kamodzikamodzi anatsala pang'ono kugunditsa mphuno pa kasinja. Koma njira ziwirizi zimadalira kuti maenje ndi timitu tikhalepo. Pa penti younjika wash ilibe poyenda, imangokhala chithaphwi. Fumbi la m'mawilo ndimapala choko cha mitundu, kapena kusefa dothi lofiira la panja pa shedi n'kulimata ndi guluu wa matabwa wothira madzi. Koma pang'ono chabe. Ena amapaka matope mpaka kasinja amaoneka ngati wamutola m'dambo la Lunyangwa, ndipo kumeneko n'kuunjikanso.

Malo andithera, ndiye ena onsewa ndinene mothamanga. Musanapente, tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo pogwiritsa ntchito mswachi wakale, chifukwa pulasitiki amatha kubwera ndi mafuta a m'chikombole komanso a m'manja. Pakani pulayima, penti yoyamba yothandiza kuti inayo igwire, nayonso mopyapyala. Ngati ndi yopopera ya m'chitini, imani patali pang'ono, ngati masentimita 25, ndipo dzanja lisaime malo amodzi. Thina wa penti ya magalimoto musamuyandikize n'komwe, amadya pulasitiki wa mtundu umenewu, polystyrene, mpaka kumufewetsa. Yesani chilichonse chatsopano pa timafelemu totsala mutadula zidutswa. Popopera khalani panja, kutali ndi mbaula. Zochotsa penti yolakwika ndinene mosamala: acrylic nthawi zambiri imachoka ndi sipiriti ndi mswachi, koma gulosi wouma ndi wamakani. Ena amaviika mu mafuta a mabuleki, ndipo ndaonapo zikutheka, koma ndaonaponso pulasitiki atasanduka wosachedwa kuthyoka, ndiye sindingakulonjezeni.

Asilikali ofewa obiriwira amene amagulitsidwa m'timapaketi kumsika wa Taifa ndi m'mashopu a zidole ndi nkhani ina. Ambiri ndi a polyethylene, wa mtundu umodzi ndi wa zigubu, ndipo penti siimugwira bwino kaya mwasungunula kaya ayi. Mfuti ya msilikaliyo ikangopindika, penti imakanganuka. Kupaka kaye guluu wa matabwa wosungunula kumathandizako, ndi kupakanso wina pamwamba pomaliza, koma musayembekezere kuti zikhalitsa m'manja mwa mwana wa zaka zisanu. Acrylic ya m'machubu ya m'mashopu ogulitsa zolembera imakwanira poyambira, ngakhale imafuna maulendo ochulukirapo kuposa ya m'timabotolo yochokera kunja. Bulashi gulani ziwiri zokha, ina ya nsonga yosongoka, ina yosalala, ndipo musazisiye zitaima m'kapu ya madzi usiku wonse.