Kolera Ikalowa M'nyumba

Anzathu a m'kalasi ya akuluakulu, phunziro la lero ndi lolemera. Tikamba za kolera. Ambiri mwa ife kuno ku Itepela tinaikapo m'bale kapena mnansi chifukwa cha matenda otsegula m'mimba. Ena safuna n'kutchula komwe dzina la matendawa. Koma ife tilitchula, tililemba pa bolodi, ndipo tiliwerenga mokweza, kuti tidziwe chimene chimapha ndi chimene chimapulumutsa.

Kodi kolera n'chiyani?

Kolera imayamba ndi kachilombo kakang'ono kwambiri kamene maso sangakaone. Kachilomboka kamatuluka m'chimbudzi cha munthu amene ali nako. Mvula ikagwa imakokolola zonyansa za kutchire n'kukazithira m'chitsime ndi mumtsinje. Ntchentche nazo zimanyamula. Manja osasamba amanyamulanso. Munthu akamwa madzi amenewo kapena kudya chakudya chimenecho, kachilombo kalowa.

Kuchokera pamene kalowa mpaka munthu kuyamba kudwala pamapita maola 12, nthawi zina mpaka masiku 5. Anthu ambiri amene ali nako sadwala n'komwe. Amayenda, amalima, amapita kumsika, koma chimbudzi chawo chili ndi kachilombo. N'chifukwa chake sitingaloze munthu mmodzi n'kunena kuti uyu ndiye anabwera ndi matenda m'mudzi.

Wodwala kwambiri amatsegula m'mimba madzi okhaokha, otuwa ngati otsukira mpunga, ndipo amasanza. Munthu wamkulu akhoza kutaya lita yathunthu pa ola limodzi. Maso amalowa m'kati. Mawu amasasa. Miyendo imakokana. Mkodzo umaleka. Khungu la pamimba mukalitsina silibwerera msanga. Mwana wakhanda liwombo limalowa. Tiloleni tinenepo za liwombo: likalowa, makolo ambiri amathamangira kukamata mankhwala pamutu pa mwana. Vuto silili pamutu ayi. Thupi la mwanayo lauma, likufuna madzi.

Tiyeni timvetse bwino pamenepa. Chimene chimapha wodwala kolera ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Odwala kwambiri akapanda kuthandizidwa, mpaka theka akhoza kufa. Akabwezeredwa madzi msanga, pa anthu 100 safa ngakhale mmodzi wathunthu pa chiwerengero.

Mmene inayendera m'zaka zapitazi

Mu Malichi 2022 kolera inabuka ku Machinga, ku Malawi, mphepo yamkuntho ya Ana itangodutsa. Inafalikira dziko lonselo ndipo inapha anthu oposa 1,700. Kuno kwathu wodwala woyamba analembedwa pa 14 Seputembala 2022 m'boma la Lago, m'mbali mwa nyanja, m'chigawo chathu chino cha Niassa. Mu Febuluwale ndi Malichi 2023 namondwe Freddy anagunda Mozambique kawiri, anagwetsa zimbudzi, anasefukiritsa zitsime, ndipo matenda anakula, makamaka ku Quelimane.

Ife tili pa njira. Msewu wa N13 wochokera ku Cuamba umadzera ku Mandimba n'kupyola boma lathu la Ngauma kupita ku Lichinga. Ku Mandimba anthu amawoloka tsiku ndi tsiku kupita ku Chiponde. Abale athu ali mbali zonse ziwiri za malire. Kachilombo sikafunsidwa chiphaso.

Zimene zinagwera nyumba imodzi

M'kalasi mwathu muli mayi wina amene anatilola kufotokoza nkhani yake, koma osatchula dzina. Dzinja la 2023 amuna awo anapita kumsika panjinga kukagula ufa ndi usipa, chifukwa m'nkhokwe munali mutatha. Anadya komweko, anamwa komweko. Patapita masiku awiri, usiku, anayamba kutsegula m'mimba.

Abale anasonkhana. Onse anali ndi mtima wofuna kuthandiza. Wina anati musawapatse madzi, mukawapatsa ndiye atsegula kwambiri. Bambowo ankapempha madzi, koma ankangowanyowetsa milomo. Anadikira kuti kuche. Kutacha anawamangirira pa mpando wa njinga. Njira inali matope okhaokha, ndipo mtsinje unali utadzaza. Anamwalira panjira dzuwa lisanafike pamutu. Dzulo lake masana anali akupalira.

Maliro anayenda monga mwa mwambo. Thupi linasambitsidwa, anthu anadya, ndipo onse anasamba m'manja m'beseni limodzi. Pa tsiku lachitatu anadwala awiri: agogo a m'nyumbamo, ndi mwana wa zaka 4. Agogo anali ofooka kale, sanalimbe. Mwanayo anapulumuka chifukwa mwana wa mchemwali wa mayiwo, mnyamata wa sukulu, anathamanga usiku womwewo kwa APE, wazaumoyo wa m'mudzi, n'kubwera ndi timapaketi. Anawerenga zolembedwapo, anasungunula, ndipo mayi anamwetsa mwana ndi sipuni usiku wonse ndi njira yonse mpaka kuchipatala.

Tsono taonani zimene zinatsatira. Maliro awiri m'sabata imodzi anadya mbuzi zonse zitatu. Njinga inagulitsidwa kuti abweze ngongole. Munda unamera udzu chifukwa inali nthawi yopalira, ndipo chaka chimenecho anakolola zochepa. Mwana wamkazi wamkulu anasiya sukulu kuti azilera ang'ono ake pamene mayi akupita ku ganyu. Mlongo wawo wa mayiwo, mwini mbumba, anathandiza mmene akanathera, koma nayenso ali ndi nyumba yake. Anthu owerengera matenda analemba kuti afa awiri. Za munda, za njinga ndi za sukulu ya mtsikana uja palibe buku limene zinalembedwamo.

Mayiwa anabwera m'kalasi mwathu atamanga kapaketi kopanda kanthu pa nsonga ya chitenje. Anati, "Aphunzitsi, ine zambiri sindifuna. Ndiphunzitseni kuwerenga aka. Tsiku lina mnyamata uja adzakhala kulibe." Tinayankha kuti, "Khalani pansi amayi, tiyambira pomwepo." Lero amawerenga kapaketi konse, amalemba dzina lawo, ndipo ndiwo amayang'anira kuti chitsime cha kwawo chizikhala chovundikira. Mtsikana uja sanabwererebe ku sukulu. Nkhani imeneyi tikukambiranabe ndi amalume ake.

Madzi a mchere ndi shuga

Pa kapaketi kaja palembedwa zilembo zitatu: S, R, O. Timapaketi tochokera ku Malawi timalembedwa O, R, S. Zilembo n'zomwezo, zangosinthana malo, ndipo mankhwala ndi amodzi. Kapaketi kamodzi timasungunula m'lita imodzi ya madzi abwino. Lita imodzi ndi mabotolo awiri aja a theka la lita. Osachepetsa madzi poganiza kuti mankhwala akhala amphamvu. Mchere ukachuluka umavulaza mwana.

Ngati kapaketi palibe, tisakhale manja lende. Titenge lita imodzi ya madzi owiritsa ndi ozizira, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Tilawe. Asawawe mchere kuposa misozi.

Kodi shuga alowamo bwanji? Matumbo a wodwala kolera amataya madzi, koma khomo limodzi limakhalabe lotsegula. Shuga ndi mchere zikafika pamodzi, matumbo amazilandira, ndipo madzi amatsatira pambuyo kulowa m'magazi. Madzi okha sakwanira. Mchere wokha sukwanira. Zitatuzi ziyendere limodzi.

Njira imeneyi inayesedwa pa nthawi yovuta. Mu 1971, pa nkhondo ya ufulu wa Bangladesh, anthu othawa nkhondo anadzaza misasa ya ku India ndipo kolera inabuka. Madzi a diripi anatha. Dokotala Dilip Mahalanabis, pa msasa wa Bangaon, anasakaniza mchere ndi shuga m'migolo, nauza abale a odwala kuti azimwetsa okha anthu awo. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 kufika pa anthu osakwana 4 pa 100. Amene ankamwetsa anali amayi, ana ndi akazi a odwalawo, anthu onga ife.

Mwana wosakwana zaka 2 timupatse kota kapena theka la kapu nthawi iliyonse akatsegula m'mimba. Wa zaka 2 mpaka 10, theka la kapu kapena kapu yodzaza. Wamkulu amwe mmene angathere. Akasanza, tidikire mphindi 10, tiyambenso pang'onopang'ono ndi sipuni. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Madzi osungunulawa akagona usiku ndi usana, maola 24, titaye tikonze ena.

Koma madzi amenewa salowa m'malo mwa chipatala. Ntchito yake ndi kusunga moyo pa njira. Wodwala amene walefuka, amene sakutha kumwa, amafunika diripi, ndipo diripi ili kuchipatala. Tinyamuke nthawi yomweyo, ngakhale usiku, botolo lili m'manja, tikumwetsa tikuyenda. Kudikira kuti kuche kwaika anthu ambiri.

Mawu awiri ofanana

Tsopano tilembe mawu awiri a Chipwitikizi pa bolodi: CÓLERA ndi CLORO. Tiwerenge zilembo. Loyamba lili ndi 6, lachiwiri lili ndi 5. Loyamba ndi matenda. Lachiwiri ndi mankhwala ophera kachilombo m'madzi, omwe ali m'botolo la Certeza. M'khutu mawuwa amamveka ngati amodzi.

Kufanana kumeneku, pamodzi ndi mantha ndi kusakhulupirira akuluakulu, kwabweretsa tsoka kumpoto kwa dziko lathu. Mphekesera imati azaumoyo ndi mafumu akuthira kolera m'zitsime. Mu 2009, m'chigawo cha Nampula, anthu odzipereka a Cruz Vermelha anaphedwa chifukwa cha mphekesera yotere. Mu Epulo 2024 anthu a ku Lunga anadzaza m'boti la asodzi kuthawa mbiri za kolera. Botilo linamira pafupi ndi Ilha de Moçambique ndipo anthu pafupifupi 100 anafa, ambiri mwa iwo ana.

Ife sitiseka anthu amenewa. Munthu amene waika mwana dzulo, lero n'kuona mlendo akuthira kanthu konunkha m'chitsime popanda kufotokoza, ayenera kufunsa. Azaumoyo nawo ali ndi udindo woyamba akhala pansi ndi mudzi, ndi kumwa madziwo anthu akuona. Koma ife amene tayamba kuwerenga titenge botolo, tiwerenge tokha, tiwerengerenso anzathu. Muyeso walembedwa pa botolo pomwepo. Tikathira tidikire mphindi 30 tisanamwe. Ngati Certeza palibe, tiwiritse madzi mpaka abwate bwino, tisunge mu ndowa yovundikira, ndipo kapu yotungira isakhale yomwera.

Zoti kolera imayenda ndi madzi zinadziwika kale. Mu 1854 ku London, dokotala John Snow analemba nyumba zonse zimene munafa anthu, naona kuti zazungulira mpope umodzi. Chogwirira cha mpopewo chinachotsedwa. Iye anagwiritsa ntchito pepala, cholembera ndi kuwerenga. Zida zimenezi ifenso tili nazo. Tikhoza kujambula mudzi wathu, kuika chizindikiro pa chitsime chilichonse ndi pa nyumba iliyonse yopanda chimbudzi. Chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita 30, ndipo chikhale kumunsi kwake, osati kumtunda.

Katemera wa kolera alipo, ndi wakumwa. Akabwera timwe. Koma unachepa pa dziko lonse, kotero kuti mu Okutobala 2022 anayamba kupereka kamodzi m'malo mwa kawiri. Mphamvu yake imatha pakapita nthawi. Chimbudzi ndi madzi abwino zikhalebe.

Za maliro

Apa m'povuta, ndipo tilankhula mwaulemu. Asilamu ndi Akhristu tonse timafuna kuperekeza m'bale wathu moyenera. Koma thupi la munthu womwalira ndi kolera likadali ndi kachilombo, zovala zake ndi mphasa yake chimodzimodzi. Azaumoyo akanena kuti thupi likonzedwe ndi mankhwala ndi kuikidwa msanga, sakunyoza malemu. Mashehe, abusa ndi mafumu akambirane nawo nkhaniyi matenda asanafike, osati pa tsiku la misozi. Amene wagwira thupi asakagwire chakudya. Pa chakudya tisiye beseni limodzi. Mmodzi agwire jagi azithirira anzake, aliyense asambe ndi sopo, ndipo sopo akasowa, phulusa.

Maliro akatha anthu amabalalika, ofedwa amatsala okha ndi munda. Kalasi yathu inagwirizana kuti nyumba ya mnzathu ikagweredwa zotere m'dzinja, tonse tidzapita ndi makasu tsiku limodzi kukapalira, ndipo awiri mwa ife adzapita kukaonana ndi amalume a ana kuti ana asasiye sukulu.

Pa phunziro lotsatira aliyense abwere ndi botolo la theka la lita ndi sipuni yaing'ono ya kunyumba kwake. Masipuni athu sali ofanana, choncho tidzawayeza limodzilimodzi ndi sipuni ya APE. Shuga ndi mchere tidzabweretsa ife. Amene ali ndi kapaketi ka SRO kapena botolo la Certeza, ngakhale lopanda kanthu, abwere nalo, tidzawerengerepo.