Hilda: kachilombo kobisala patsinde pa mtedza

M'munda wa mtedza nthawi zina mumaona mapando angapo atachita chikasu n'kufota pamene anzake oyandikana nawo ali obiriwira. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mlandu wotere timathamangira kuupereka kwa dzuwa kapena chiswe. Nthawi zambiri timalondola, koma pali wina amene sitimutchula chifukwa sitimuona: kachilombo kamene akatswiri amakatcha Hilda patruelis.

Banja lake

Hilda ali m'gulu lalikulu la Hemiptera, la tizilombo tokhala ndi mlomo woboola ndi kuyamwa. Nsikidzi, nyenje ndi nsabwe za m'mbewu zili momwemo. M'kati mwake muli kagulu ka Fulgoroidea, ka tizilombo tokhalira madzi a zomera, ndipo Hilda ali m'banja laling'ono la kaguluka lotchedwa Tettigometridae.

Carl Stål wa ku Sweden ndiye anafotokoza mtundu wa patruelis mu 1855. Dzina loti Hilda linabwera pambuyo, mu 1900, kuchokera kwa George Willis Kirkaldy wa ku England. Mitundu ina ya Hilda ilipo mu Africa, koma uwu ndiwo umadandaulitsa alimi a mtedza ku Malawi, Zimbabwe ndi South Africa.

Maonekedwe ake

Kachilomboka kakakula kamafika pafupifupi mamilimita 5 basi. Thupi lake ndi lophwatalala, mutu wotambalala, ndipo mapiko akutsogolo ndi okhuthala, osaonekera kuseri. Mtundu wake ndi wofiirira mosakanikirana ndi kubiriwira, wokhala ndi timizere ndi timadontho toyera pamapiko. Pa dothi kamasowa msanga.

Amene ali ndi galasi lokulitsa zinthu ayang'ane pamutu. Tinyanga take timamera kunsi kwa maso, tili ndi tsinde lonenepa ndi kaubweya kamodzi kumapeto. Chizindikiro chimenechi n'chimene chimakaika mu Fulgoroidea, ngakhale thupi lake limafanana kwambiri ndi tizilombo todumpha m'masamba ta banja lina. Mlomo supenyeka kuchokera pamwamba. Umapindikira pansi pa chifuwa. Abale ake a banja la Delphacidae, monga Peregrinus maidis wa m'chimanga ndi m'mapira, ali ndi kamunga kakakulu kogwedera pamwendo wakumbuyo. Hilda alibe.

Mazira ndi aatali pang'ono, ndipo amaikidwa m'magulu, moyandikana, patsinde kapena pamakoko. Ana amafanana ndi makolo awo koma alibe mapiko.

Chibale ndi nyerere

Apa ndiye pali nkhani. Hilda sapezekapezeka yekha. Akamayamwa madzi a chomera amatulutsa timadzi totsekemera, ndipo nyerere zimatikonda kwambiri. Pofuna kuti chakudyacho chisathe, nyererezo zimamulondera, kuthamangitsa adani ake, ndi kufukula dothi mozungulira tsinde kuti akhale malo otetezeka. Zimamuweta monga mmene munthu amawetera ng'ombe ya mkaka.

Kwa mlimi, ichi ndicho chizindikiro chodalirika kuposa mawanga a pamapiko, amene anthu ochepa okha ndiwo angawaone. Phando lofota lokhala ndi nyerere zambiri zolowa ndi kutuluka patsinde liyenera kuzulidwa ndi kuyang'anitsitsidwa. Tizilomboto timapezeka titaunjikana pamizu, pamakoko ndi pamalire a tsinde ndi dothi. Mukathyola tsindelo, mkati mumaoneka mwakuda kapena mofiirira, chifukwa malovu a kachilomboka amawononga njira za madzi m'chomera. Chiswe chimasiya mphako ndi dothi mkati mwa muzu. Matenda a kadukutu, amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu, amapinimbiritsa chomera ndi kukwinyitsa masamba. Kusiyanitsa zitatuzi kumapulumutsa ndalama za mankhwala olakwika.

Chodabwitsa n'chakuti pa mkuyu chibale chomwechi chimapindulira mtengo. Ofufuza a ku South Africa anapeza kuti nyerere zobwera kudzalondera Hilda pa nkhuyu zimathamangitsanso tizilombo todya njere zake. Wowononga m'munda amakhala mthandizi kutchire.

Chifukwa chake a m'chigwa asamale

Hilda sagwa chaka chilichonse. Amachuluka m'zaka za ng'amba, pamene mtedza wafooka kale, ndipo kuchigwa cha Shire zaka zotere si zachilendo. Sadalira mtedza wokha: amakhalanso pa mpendadzuwa, nyemba ndi zomera zina za m'thengo, kotero amakhala ndi pobisala mbewu zikachoka m'munda. N'chifukwa chake kawirikawiri amayambira m'mphepete mwa munda n'kumalowa mkati.

Kupalira m'malire a munda ndi kuzula msanga mapando ogwidwa kumathandiza. Alinso ndi mdani wake wachilengedwe, kamavu kakang'ono kotchedwa Psyllechthrus oophagus, kamene kamaikira mazira ake m'mazira a Hilda, ndipo kupopera mankhwala mwachisawawa kumakapha nako. Mukakayika, tengani phando lonse ndi mizu yake m'pepala la pulasitiki mukaonetse mlangizi wa zaulimi, kapena akatswiri a kafukufuku ku Kasinthula kapena ku Ngabu.