A Banda Oposa Anzawo

Mukaima pa msika wa Kasungu kapena wa Chipata n'kufuula kuti "A Banda!", ocheuka amachuluka. Ndi mfunda wakale pakati pa Achewa, womwe makolo ankaulumikiza ndi zopempha mvula pomwe a Phiri anali a ufumu wa Kalonga. Chodabwitsa n'chakuti pambuyo pake mipando inagwera kwa a Banda.

Amene analamulira Malawi nthawi yaitali kuposa wina aliyense ndi Hastings Kamuzu Banda. Anatenga dziko pa ufulu mu 1964, mu 1971 n'kudzozedwa kukhala pulezidenti wamuyaya, koma muyayawo unathera pa chisankho cha 1994 pomwe Bakili Muluzi anawagonjetsa. Zaka 30. Amene analamulira nthawi yochepetsetsa nawonso ndi a Banda: Mayi Joyce, kuyambira mu Epulo 2012 mpaka Meyi 2014, zaka ziwiri basi. Komabe mbiri yoti ndi mayi woyamba kutsogolera Malawi palibe angawalande. Dzinalo analitengera kubanja, kwa amuna awo a Richard Banda omwe anakhalapo mkulu wa oweruza milandu, ndiye musafunefune chibale ndi Kamuzu.

Kutsidya kwa Mchinji kunali a Rupiah Banda, pulezidenti wa Zambia kuyambira 2008 mpaka 2011. Njira yawo ikufanana ndi ya Mayi Joyce ngati anachita kupangana: onse anali achiwiri, onse analowa m'malo mwa mtsogoleri womwalira ali pampando, uku Levy Mwanawasa uko Bingu wa Mutharika, ndipo onse ovota sanachedwe kuwatsitsa. Apulezidenti atatu, mayiko awiri oyandikana, dzina limodzi.

Dzina silinateteze a Aleke Banda. Mtonga ameneyu anali mwana wokondedwa wa Kamuzu mu chipani cha Kongeresi, koma mu 1980 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, n'kudzatuluka mu 1992. Wotsekera Banda, wotsekeredwa Banda.

Kwa ine, woposa onse alibe mpando. Barbra Banda, kaputeni wa timu ya amayi ya Zambia, anapita ku Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021 n'kumwetsa zigoli zitatu yekha polimbana ndi Netherlands, patangopita masiku atatu n'kubwerezanso pa China. Palibe mayi anali atachitapo zimenezi motsatizana pa mpikisanowu. Mu 2023 chigoli chake cha penate pa Costa Rica chinakhala cha nambala 1,000 m'mbiri ya World Cup ya amayi. Pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024 anamwetsanso zitatu, pa Australia.

Ndiye onani zotsatira za masewero atatu aja. Netherlands inakutumula Zambia 10-3. Ndi China anafanana mphamvu 4-4. Australia, yomwe inali kumbuyo 5-2, inatembenuza zinthu n'kupambana 6-5. Mtsikana anagoletsa zisanu ndi zinayi, osatuluka m'bwalo ndi chipambano ngakhale kamodzi.