Dipi la Ng'ombe: Udindo wa Boma ndi wa Alimi

Nkhupakupa imayamwa magazi a ziweto ndi kuwononga zikopa, koma kuopsa kwake kwenikweni kuli pa matenda amene imafalitsa, makamaka East Coast Fever, nthenda imene imatenthetsa thupi, kutupitsa mwanabere ndi kubanikitsa ng'ombe, ndipo yapha ana a ng'ombe ambiri pamodzi ndi ng'ombe za mkaka zamtundu wachizungu m'zigawo zapakati ndi kumpoto kwa Malawi. Kachilombo koyambitsa nthendayi, kotchedwa Theileria parva, kamanyamulidwa ndi nkhupakupa yofiirira imene imakonda kukakamira m'makutu mwa ng'ombe.

Ntchito yolimbana ndi mdaniyu ili m'manja mwa nthambi yoona za umoyo ndi chitukuko cha ziweto mu Unduna wa Zamalimidwe, ndipo imafika kumudzi kudzera mwa mlangizi wa ziweto, amene amayendera makola, kulemba za matenda amene abuka ndi kutumiza magazi kukapimidwa ku labotale ya boma ku Lilongwe. Lamulo la Control and Diseases of Animals Act limapatsa boma mphamvu yoletsa kuyenda kwa ziweto kumene kwagwa matenda, n'chifukwa chake wosamutsa ng'ombe amafunika chiphaso, pakuti ng'ombe yogulidwa kutali imabwera ndi nkhupakupa za kwawo.

Chida chodziwika kwambiri ndi dipi, limene ndi dziwe lalitali la simenti lodzaza madzi osakaniza ndi mankhwala monga amitraz, mmene ng'ombe zimalumphira imodziimodzi n'kusambira mpaka kutsidya, kotero kuti mankhwala amalowa m'makutu, m'khwapa ndi kunsi kwa mchira. Kale boma linkagula mankhwala ndi kukakamiza aliyense woweta kusambitsa ng'ombe zake, koma cha m'ma 1990 udindowu unayamba kusiyidwa m'manja mwa alimi, amene amayenera kusonkha ndalama kudzera m'makomiti awo, ndipo kuyambira pamenepo madipi ambiri anauma. Vuto lake n'loonekeratu: ng'ombe za mudzi umodzi zimadyera dambo limodzi, choncho khola limodzi likajomba kudipi, nkhupakupa zake zimayikira mazira mu udzu n'kubwerera kwa amene anasonkha mokhulupirika. Komiti ikachepetsa mankhwala pofuna kusunga ndalama, nkhupakupa zimene zapulumuka zimaswa zinzake zosamva mankhwalawo, ndipo kuwononga kotere n'kovuta kubweza. Mpope wopopera pamanja, umene ambiri akudalira lero, umathandiza woweta ng'ombe zochepa, ngakhale kuti wopopera mothamanga amaphonya malo omwewo amene nkhupakupa imabisala.

Njira ina ndi katemera wopangidwa ku Lilongwe ndi bungwe la Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, amene amabayidwa ali ndi tizilombo tamoyo pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline, kuti ng'ombe idwale pang'ono n'kupeza chitetezo cha moyo wonse. Katemerayu amateteza ku East Coast Fever yokha, choncho ng'ombe yobayidwa imafunikabe kusamba, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene nkhupakupa zimachuluka.